Miphika Yatsopano ya Dora

Lole ya Mmwenye yochokera ku Linga inaima pa mphambano ya ku Ngala dzuwa lili paliwombo, n'kutsitsa mnyamata mmodzi ndi bokosi lake lachitsulo. Chinali chaka cha 1955, mwezi wa Okutobala, nthawi imene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa.

Dora, mwana wa a Andreya, mkulu wa mpingo wa Anglikani pamudzipo, anali pomwepo kudikira thumba la mchere limene bambo ake anaitanitsa. Mcherewo sunabwere. Anabwera ndi mnyamatayo.

"Zikomo achemwali, sukulu ya mishoni ili mbali iti?"

Dora anamuyang'ana kuyambira kumapazi. Nsapato zonyezimira, masokosi ofika m'maondo, kabudula woyera wosita bwino. Anagwira pakamwa kuti asaseke.

"Ndi nsapato zimenezo, mumchenga wa kuno? Mukafika mawa."

"Ndiye mundiperekeze, kuti ndikakomoka pakhale wondithira madzi."

Ha! Mlendo wanji wa pakamwa potere tsiku loyamba lomwe? Dora anafuna kumusiya pomwepo kuti dzuwa limuphunzitse ulemu, koma anangozindikira wapinda nkhata, bokosi lili pamutu. Pofika pasukulu anali atadziwa kuti dzina lake ndi Stefano, ndiponso kuti ndiye mphunzitsi watsopano amene ansembe analonjeza.

Chikondi sichinachedwe. Stefano anapatsidwa kwaya, ndipo Dora ankaimba kwaya. Lachinayi lililonse, pomaliza kuphunzira nyimbo, mabuku awo a nyimbo ankasinthana mwangozi. Ngozi yake ya sabata ndi sabata! M'kati mwa buku munkakhala kapepala kong'amba m'kope.

"Dora, duwa langa," kanatero kena, "dzulo ndaphunzitsa ana kuti sabata ili ndi masiku asanu ndi awiri. Ndawanamiza. Kwa ine tsiku ndi limodzi, Lachinayi."

Dora anakawerenga kuseri kwa nkhokwe katatu konse. Koma poyankha sanafune kuoneka wotchipa.

"Aphunzitsi, mawu okoma saphika ndiwo. Ngati mukunena zoona, njira ya kwa amalume anga ilibe minga."

Lachinayi lotsatira m'buku munalibe kapepala. Stefano anamuimitsa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, nkhope ili yakugwa.

"Wapamtima, pali chimene sindinakuuze. Ine ndinabatizidwa ndili pasukulu. Kwathu ku Linga onse ndi Asilamu. Tsiku limene ndinabatizidwa, amayi analira ngati ndamwalira."

"Ndiye sakundifuna?"

"Sakukudziwa. Mantha awo ndi amodzi. Akuti ndikakwatira Mkhristu, m'nyumba mwanga sadzadyamonso, chifukwa sangadziwe chimene chili mumphika. Ndawachonderera mpaka avomera kubwera pa Khirisimasi, iwo ndi mlongo wawo, amalume Che Swaibu. Koma mawu awo ndi awa: 'Ndikakadya cha m'manja mwa mtsikanayo mtima uli m'malo, amalume ako alankhule za ukwati. Ndikapanda kudya, usadzanditchulirenso dzina lake.'"

Ukwati wonse wa Dora m'mbale imodzi!

Stefano anamugwira nsonga za zala. "Usaope, nthiti yanga. Kaya kugwe chiyani tsiku limenelo, ine ndidzaima pambali pako."

"Amayi anu adzadya," anatero Dora. "Mukawauze kuti mbuzi idzachinjidwa ndi Msilamu, ndipo m'mbale mwawo simudzagwa kanthu kokayikitsa. Ndalonjeza."

Masabata atatu otsatira, pakhomo pa a Andreya panalibe mtendere. Dora anayamba ndi miphika. Ya pakhomopo yonse inali itaphikapo nguluwe, poti bambo ake anali katswiri wotchera misampha m'munda wa chinangwa. Choncho anasenza dengu la usipa wouma, ulendo wapansi mpaka ku Kanyenda kwa mayi wina woumba, n'kukasinthanitsa ndi miphika isanu ndi iwiri yatsopano. Anasemetsa mthiko ndi zipande zatsopano, n'kuzibisa kudenga kuti wina asazigwire.

Kenako anakagwada kwa Che Ramadhani, msodzi wachisilamu wa kugombe, amene ankachinjira Akhristu a pamudzipo pakakhala phwando loitana onse.

"Usadandaule mwanangu," anatero mkuluyo. "M'mawa wa tsikulo mpeni wanga udzafika tambala asanatsike."

Madzulo alionse Dora ankawerengera amayi ake ndiwo pa zala.

"Chigwada chotendera, choyamba. Nkhwani wanthete, wa tomato yekha, kuti zotendera zisachuluke. Nyemba ziphikidwe dzulo lake, zigone pamoto. Usipa wofutsa. Bowa ndidzazule m'mawa womwewo. Mphika wachisanu ndi chimodzi ndi wa mpunga, wotsalawo wa nyama."

Mayi ake, a Dailesi, anaomba m'manja. "Iwe, ukuphikira Bwanamkubwa kodi? Pa Khirisimasi anthu amayang'ana nyama. Masambawa ndi operekeza chabe, amabwerera kukhitchini momwe anapitira."

"Abwerere, koma aoneke kuti analipo."

Ndipo zinthu zinkamuyendera mwana uja! Mvula inagwa pa nthawi yake, nkhwani n'kuphukira bwino pachulu. Azakhali ake anamutumizira mtedza wa nsinjiro. Mpunga wa faya unapezeka, wonunkhira mpaka kumsewu. Chitopa chinali chitasesa nkhuku zonse m'mudzimo, koma mbuzi yawo inali gwa, yonenepa. Dora akamagona ankangoti, "Zikomo Ambuye, mwandikonzera njira."

Alendo anafika pa lole ya pa 24 Disembala, n'kukagona kunyumba ya mphunzitsi kusukulu. Stefano anapeza mpata wopatsira Dora kapepala pomaliza kuyeserera nyimbo.

"Afika, mwezi wanga. Ndawauza zonse, za miphika ndi za Che Ramadhani. Amayi angoti, 'Tikaona.' Koma ndawaona akumwetulira."

M'mawa wa Khirisimasi Dora analawirira kuthengo ndi lichero. Bowa anali mbwee pansi pa mitengo ya msuku, ngati wina anachita kumudzalira. Anabwerera akuimba.

Nyimboyo inathera pachipata.

Mbuzi inali lende pa nthambi ya mango, yosenda kale. Pambali pake panaima a Andreya, mpeni m'manja, akumwetulira ngati munthu amene wagwira ntchito yotamandika.

"Bambo! Che Ramadhani ali kuti?"

"Kwagwa maliro ku Nkhunga, mchimwene wawo. Uthenga wafika iwe utangochoka, ndiye anyamuka. Ndinati nyama ingachedwe pamoto, Misa ili pafupi. Ndakuthandiza, mwanangu."

Lichero linagwa. Dora anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Mayo ine! Bambo, mwandipha!"

"Ndakupha bwanji? Ndinapemphera ndisanadule. Kodi Mulungu si mmodzi?"

Mkuluyo sanachite mwankhanza ayi. Anangoona mbuzi, mpeni ndi dzuwa likukwera, basi. Koma madzi akatayika saoleka. Mbuzi ina akanaipeza kuti m'mawa wa Khirisimasi? Nkhuku nazo, chitopa chinali chitadya kale Khirisimasi yake.

A Dailesi anamukokera kukhitchini.

"Pukuta misozi. Waona ndani? Nyama ilibe pakamwa, iwenso tseka pako. Akadya, akhuta, amalume ake alankhula, nkhani yatha."

"Koma amayi, ndinalonjeza."

"Ukufuna lonjezo kapena ukufuna banja? Mphunzitsi wa nsapato ngati uja adzatsikanso liti pa mphambano ya Ngala?"

Ku Misa, Dora sanamve ngakhale liwu limodzi la ulaliki. Stefano anali kutsogolo akuimbitsa kwaya, nkhope ili ngwee, ndipo maso awo atakumana anamutsinzinira diso. Potuluka akanatha kumukokera pambali n'kumuuza. Sanatero. Tisamunamizire kulimba mtima kumene analibe: anachita mantha, n'kuthawira kukhitchini.

Kumeneko manja anagwira ntchito mutu uli kwina. Anasinja chigwada mpaka chinafewa, n'kuchiphika nthawi yaitali kuti ululu wonse uchoke, kenako anathira nsinjiro. Bowa anamukazinga ndi anyezi. Nkhwani anamuphula akadali wobiriwira. Nyama anaisiyira amayi ake, mumphika wakale, pa mafuwa ena kunja. A Dailesi atabwera ndi chipande cha msuzi kuti athire m'nyemba zikome, Dora anatchinga mphikawo ndi thupi lake.

"Ayi amayi. Muno musathiremo."

"Nanga kusiyana kwake n'chiyani, poti nyamayo adya?"

Dora mwiniyo sankadziwa.

Alendo anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Che Swaibu anali wamtali, wa mkanjo woyera ndi kofia. Mayi Habiba, amayi ake a Stefano, anali wochepa thupi, wa mpango wakuda, maso ake odekha koma oona zonse. Amuna anakhala pakhonde, pamodzi ndi a Filipo, amalume ake a Dora, amene anabwera kudzamva mawu. Amayi anakhala pamkeka pansi pa mango, poti n'kumva zolankhulidwa pakhonde.

Dora anagwada, nawasambitsa m'manja mayi Habiba.

"Ndiwe Dora? Mwana wanga akuti unayenda mpaka ku Kanyenda chifukwa cha ine."

"Si patali, amayi."

"Ndi patali. Ndathokoza." Anamusisita paphewa. "Ndinabwera ndi mtima wolemera, koma wayamba kupepuka."

Mawu amenewo anamulasa Dora kuposa kutukwana.

Mbale zinayalidwa. A Andreya anapemphera pemphero lalitali, lotchula ansembe, mvula ndi odwala onse. Dora, chogwada, ankangoyang'ana mbale ya nyama imene inali patsogolo pa mlendo. Angokhala chete kamphindi kochepa, Stefano akhala wake. Ndani akanadziwa? Koma nanga mawa? Nanga zaka zonse zimene mayiyu adzakhale akudya m'nyumba mwake, akumukhulupirira?

"Amen," anatero a pakhonde.

"Bisimila," anatero mayi Habiba, natambasula dzanja kulunjika pa nyama.

Dora anailanda mbaleyo. Msuzi unatayikira pa chitenje chake.

"Musadye, amayi! Amalume, musadye nyamayo!" Mawu ake anamveka mpaka pakhonde. "Che Ramadhani apita kumaliro. Mbuziyi achinja ndi bambo anga."

Dzanja la mayi Habiba linatsala m'malere. A Dailesi anaphimba nkhope ndi mpango.

Che Swaibu anaimirira, akukutumula mkanjo wake.

"Ndiye munatiyalira dala? Tayenda ulendo wonsewu kuti mudzatidyetse chosachinja Msilamu, mutatisambitsa m'manja ndi kutisekerera? Alongo, dzukani. Tiyeni!"

"Pepani, akulu," anayamba a Andreya, "ine ndimati ndithandize..."

Koma mlendo anali atafika kale pachipata. Mayi Habiba anadzuka pang'onopang'ono, namuyang'ana Dora nthawi yaitali, n'kutsatira mlongo wawo.

Stefano anatsalira pang'ono. Dora anakweza maso, akuyembekeza kuti aima pambali pake monga ananenera. Koma nkhope imene anaiona sanaidziwe.

"Unadziwa kuyambira m'mawa?"

"Eya."

"Ku tchalitchi unandiona, osandiuza? Ine ndawatsimikizira amayi ndi pakamwa pangapa! Wandichititsa manyazi, Dora. Wandisandutsa wabodza pamaso pa amalume."

"Stefano, munati kaya kugwe chiyani..."

"Usanditchule!"

Anapita, osacheuka.

Dora analowa kukhitchini, nakhala pansi pakati pa miphika yake, n'kulira kulira kwenikweni, kosabisa. Amayi ake anaima pakhomo.

"Wakhuta tsopano? Kukamwa kwako kwakudyera banja."

A Andreya anabwera pambuyo, chipewa chili m'manja. "Musiyeni, mayi ake. Wolakwa ndine. Mwanangu, ndikhululukire. Dzanja langali lathamanga kuposa mutu."

Dora analira mpaka misozi inatha. Atapukuta m'maso anaona miphika ija ili chivundikirire, ndiwo zambiri zikadalimo. Pamenepo anakumbukira kuti kunyumba ya mphunzitsi kulibe mkazi, kulibe moto, ndipo lole yobwerera ku Linga idutsa mawa. Mayi uja, wochepa thupi uja, agona ndi njala pa mudzi wa eni, tsiku la chikondwerero!

Za ukwati anali atazitaya. Koma mlendo kugona ndi njala? Ayi, zimenezo ndiye ayi.

Anatenthetsa ndiwo zonse, naika miphika m'dengu lalikulu, wa mpunga pakati. Bambo ake anamusenzetsa osafunsa kanthu.

Anawapeza atakhala pakhonde la nyumba ya mphunzitsi, aliyense kuyang'ana kwake. Stefano ataona dengu anaimirira, koma Dora sanamuyang'ane. Anatula, nagwada patali pang'ono ndi mayi Habiba.

"Amayi, sindinabwere kudzapempha kanthu. Zija zatha, ndamva. Ndinalakwa kukhala chete mpaka mbale inafika patsogolo panu, ndipo ndikupepesa. Koma musagone ndi njala kwathu kuno. Izi ndi zoperekeza chabe, nyama mulibe."

Anavundukula mphika umodziumodzi.

"Ichi ndi chigwada, muli nsinjiro ndi mchere basi. Uyu ndi bowa, ndazula ndekha m'mawa. Nkhwani. Nyemba. Usipa. Miphika yonse ndi yatsopano, zipande zatsopano. Msuzi wa mbuzi sunagweremo ngakhale dontho."

"Tidziwa bwanji?" anafunsa Che Swaibu, nkhope ili kumbali. "Pakhomo pamene atiyalira chija, tikhulupirirenso masamba?"

Mayi Habiba anayankha asanatembenuke n'komwe.

"Achimwene, kodi nyama ija munaizindikira ndinu?"

Mayiyo anapitiriza.

"Ine dzanja linali litafika kale m'mbale. Inu munali mutakunga mkanjo. Tikanadya, tikanayamika, inu mukanalankhula za ukwati, ndipo tikanafa osadziwa. Mwana uyu anali atapambana kale. Wataya zonse ndi dzanja lake, kuti ine ndisadye chimene sindidya. Ndiye lero andinamize pa chigwada?"

Anatembenukira kwa mwana wawo. "Ndipo iwe, ndakuona. Mnzako wagwada, msuzi uli pachitenje, iwe n'kumamukalipira za manyazi ako. Sukulu yonseyi anakuphunzitsa zimenezo? Tenga madzi undisambitse."

Stefano anathamangira mtsuko, mwaphuma mpaka madzi ena anatayikira pa nsapato zake.

"Bisimila," anatero mayi Habiba. Anatapa mpunga, napisa m'chigwada, n'kuika mkamwa. Mayiyo anatafuna mosafulumira, natapanso, ulendo uno m'bowa.

"Mhm! Achimwene, mukapitiriza kuyang'ana kumpanda, bowayu simumupeza."

Che Swaibu anakhosomola, nasendera pafupi. "Ndingolawa," anatero. Kulawa kwake kunathera pa kukombeza mphika wa nyemba ndi chala.

Misozi ya Dora inangotsika yokha. Ndiwo zimene amayi ake ankati zibwerera kukhitchini, zinatha zonse psiti!

Stefano anabwera, nagwada pamchenga patsogolo pake, kabudula woyera uja osamusamala.

"Dora, wapamtima wanga, ndinalonjeza kuima nawe, ndipo ndathawa pa mphepo yoyamba. Ndilibe chonena. Ukandikana, sindidzakuimba mlandu."

"Mawu anu aja andipweteka kuposa a wina aliyense," anatero Dora motsitsa. "Musadzandisiyenso ndekha pagulu."

"Sindidzatero. Amayi ndi mboni."

"Ndamva ndithu," anatero mayi Habiba, akusamba m'manja. "Achimwene, konzani kofia yanu. Anthu aja tawasiya ndi manyazi pa tsiku lawo lalikulu, ndipo mkulu uja sanachite dala. Mukapepese za ukali wanu, kenako mukhale pansi ndi amalume ake a mwanayu. Mawu amene tinabwera nawo akanenedwe lero, dzuwa lisanalowe."

Dora anagwa pamapazi awo. "Zikomo, amayi. Zikomo! Sindikudziwa kuti ndithokoze bwanji."

Mayi Habiba anamudzutsa, nagwira manja ake onse awiri, manja onunkhira utsi ndi nsinjiro.

"Wothokoza ndine. Chibatizidwire mwana wangayu, ndakhala ndikudzifunsa kuti ndikadzakalamba, maso akadzasiya kuona za m'mbale, adzandidyetsa ndani ine osaopa. Lero ndamupeza. M'manja umu ndidzadya nditatsinzina."